Henry Benson

Henry Alexander Benson (2 Ogasiti 1909 – 5 Malichi 1995) anali katswiri wowerengera za chuma wa ku Britain. Amadziwika chifukwa choyambitsa ntchito yoti makampani a m'mayiko osiyanasiyana azitsata ndondomeko imodzi polemba malipoti a zachuma.

Anabadwira ku Johannesburg. Amayi ake anali a banja la Cooper, eni kampani yowerengera za chuma ya Cooper Brothers ku London, ndipo iye anayamba ntchito kumeneko mu 1926. Mu 1934 anakhala mmodzi wa eni ake. Kampaniyi itayamba kugwira ntchito m'mayiko ambiri, Benson anaona vuto: dziko lililonse linali ndi kawerengedwe kakekake, moti kampani imodzimodziyo inkatha kuoneka kuti yapindula kwambiri kuno, koma kwina n'kuoneka kuti yapeza zochepa.

Atasankhidwa kukhala pulezidenti wa bungwe la maakauntanti la England ndi Wales mu 1966, anakopa anzake a ku Canada ndi United States kuti aziunikira limodzi kusiyanaku. Mu June 1973 anatsogolera kukhazikitsidwa kwa International Accounting Standards Committee (IASC) ku London, ndipo anali wapampando wake woyamba mpaka 1976. Ndondomeko yoyamba, IAS 1, inatuluka mu 1975. Inkangofuna kuti kampani izinena poyera njira imene yawerengera chuma chake. Komitiyi inalibe mphamvu yokakamiza aliyense, ndipo ndondomeko zoyambirirazo zinkasiya mpata waukulu woti kampani isankhe njira yoikomera.

Kumabanki n'kumene nkhaniyi inali yovuta zedi. Chuma chambiri cha banki ndi ngongole zimene yakongoza anthu, choncho ikapanda kuulula ngongole zokayikitsa kubwezedwa, imaoneka yolimba pamene mkati yafumbwa. Mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, mabanki akuluakulu a ku Britain ankaloledwa kusaulula phindu lawo lenileni. Benson anadzionera yekha mavuto a makampani osweka ndi ngongole pamene anali mlangizi wa mkulu wa Bank of England kuyambira 1975 mpaka 1983. Ndondomeko ya IASC yokhudza mabanki, IAS 30, inadzatuluka mu 1990 iye atasiya kale upampando.

Mu 1981 analowa m'Nyumba ya Malamulo ya House of Lords, ndipo mu 1989 anatulutsa buku la mbiri yake, Accounting for Life.

Zambiri zimene ankafuna zinachitika atamwalira. Mu 2001 IASC inalowedwa m'malo ndi IASB, imene imatulutsa ndondomeko za IFRS. Makampani a pamsika wa masheya m'mayiko a European Union anayamba kuzitsata mu 2005. Kuyambira 2018, IFRS 9 imafuna kuti banki iziwerengeratu ndalama zimene ikuyembekeza kutaya pa ngongole, osadikira kuti wokongola alephere kaye kubweza. Mabanki a ku Malawi nawonso amalemba malipoti awo apachaka motsata IFRS.