Mai Margaret Morse Nice: Katswiri wa Mbalame za Kuseri kwa Nyumba

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambiwu udapherezera pa moyo wa Mai Margaret Morse Nice, amene adatchuka pa dziko lonse kaamba kopenyetsetsa timbalame ta pafupi ndi khomo lawo.

Maiwa adabadwa m'chaka cha 1883 ku Amherst m'dziko la Amereka, kumene bambo wawo ankaphunzitsa mbiri yakale pa koleji. Adatsiriza maphunziro awo pa Mount Holyoke College mu 1906, ndipo mu 1915 adalandira digiri yachiwiri pa Clark University. Atakwatiwa ndi Bambo Leonard Blaine Nice, adabereka ana aakazi asanu. Masiku amenewo mai wapabanja sankayembekezeka kuchita za sayansi, kotero luso lawo likadatha kuzilala pakati pa kuphika ndi kuchapa.

Mu 1927 banjali lidasamukira ku Columbus, m'chigawo cha Ohio. Pakati pa nyumba yawo ndi mtsinje wa Olentangy padali thengo la zitsamba, momwe munkakhala timbalame tonga mpheta totchedwa song sparrow. Akatswiri ambiri a nthawiyo ankapha mbalame ndi kusunga zikopa zake kuti aziphunzire. Mai Nice adatsata njira ina. Ankagwira mbalamezo ndi misampha yosavulaza, n'kuziveka timphete tamitundumitundu ku miyendo, kenaka n'kuzitaya. Potero ankazindikira mbalame iriyonse payokha, ngakhale ali chapatali.

Kwa zaka zisanu ndi zitatu ankalawirira m'mamawa ndi kope lawo. Adalemba m'mene atambala ake amatetezera malire a malo awo poyimba, amene adakwatirana ndi mnzake, kuchuluka kwa mazira ndi anapiye amene adapulumuka. Adaonanso kuipa kwa mbalame ya cowbird, imene imaikira mazira m'zisa za zinzake kuti ziilerere ana. Tsiku lina mu 1935 adawerenga nyimbo 2,305 zimene mbalame imodzi, imene ankaitcha 4M, idayimba kuyambira mbandakucha mpaka madzulo.

Zotsatira za ntchitoyi zidayamba kusindikizidwa m'Chijeremani mu 1933, kenaka m'mabuku awiri a Chingerezi mu 1937 ndi 1943. Mu 1938 adakhala mai woyamba kutsogolera bungwe la Wilson Ornithological Club, ndipo mu 1942 adalandira mendulo ya Brewster. Zonsezi adazichita popanda udindo pa yunivesite iriyonse. Adamwalira ku Chicago mu 1974.

Inu aphunzitsi, ndi inu achinyamata amene mwatsiriza sukulu koma ntchito simunaipeze, taganizani za pumbwa, njiwa ndi timba amene amatera pabwalo panu tsiku ndi tsiku. Kodi pumbwa wa dzulo ndi yemweyo wabwera lero? Legeni singayankhe funsoli. Kope, pensulo ndi kudekha ndizo zingathe.