Helmholtz: dotolo amene adagawa mawu m'zidutswa

Mukauzira mpweya pakamwa pa botolo lopanda kanthu, limalira. Mukathiramo madzi, kulirako kumaonda. Munthu amene adafufuza zimenezi mozama ndi Hermann von Helmholtz, ndipo zomwe adapeza zikukhudza makutu a ana anu.

Iye adabadwira ku Potsdam, m'dziko lomwe lero ndi Germany, m'chaka cha 1821. Mtima wake udali pa sayansi, koma bambo ake, omwe adali mphunzitsi, adalibe ndalama zokwanira. Choncho adaphunzira udotolo mwaulere ku Berlin atalonjeza kudzatumikira asilikali. Mu 1851 adalengeza za kachipangizo koonera mkati mwa diso, komwe timagwiritsabe ntchito m'zipatala.

Kenaka adatembenukira ku khutu. Adagwiritsa ntchito timipira tagalasi ndi tamkuwa ta mphako, kalikonse kokweza mawu a mtundu umodzi wokha. Akakaika kukhutu, ankamva kuti kulira kumodzi kwa nsambo kuli ndi mawu angapo: nsambo ikamanjenjemera ka 100 pasekondi, imatulutsanso mawu oonda a 200, 300 ndi kupitirira. Kusakanikirana kwa mawuwa ndiko kumasiyanitsa gitala ndi chitoliro. DJ wa paukwati kwa Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, akamapotokola mabatani a bass ndi treble, amakhala akukweza kapena kutsitsa zidutswa zomwezi.

M'buku lake la 1863, Helmholtz adati kachiwalo ka mkati mwa khutu kooneka ngati nkhono kamamva mawu oonda ndi a besi pamalo osiyana. Adamwalira mu 1894, ndipo kafukufuku wa pambuyo pake adatsimikiza mfundoyi.

Apa ndiye pagona nkhani. Phokoso lalikulu limayamba kuononga mbali yomva mawu oonda, ndipo timaselo take tikafa sitimeranso. Mwana amamvabe ng'oma, koma S ndi F amamuphonya, ndiye aphunzitsi amangomuyesa wamwano.

Musakhale ndi khanda pafupi ndi sipika kutchalitchi kapena paukwati, ngakhalenso pafupi ndi injini ya chigayo. Ngati mukuchita kukuwa kuti mnzanu amene mwayandikana naye akumveni, phokosolo lanyanya. Inu mavolontiya a zaumoyo, mukapeza mwana wodandaula kuti m'makutu mukulira, kapena wofunsa kawirikawiri kuti mubwereze, uzani makolo apite naye kuchipatala akamuyeze makutu.