Ronald Ross: dotolo amene anapeza udzudzu ndi mlandu wofalitsa malungo

Pa 20 August caka ciliconse maiko amakumbukira tsiku la udzudzu pa dziko lonse. Tsikuli linaikidwa pokumbukira zimene zinacitika mu 1897 m'kacipinda kena kotentha mu mzinda wa Secunderabad ku India, pamene dotolo wa asilikali, a Ronald Ross, anaona tizirombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu.

Kufikira nthawi imeneyo anthu oculuka, ndi ophunzira omwe, anali kukhulupirira kuti malungo amadza ndi mpweya woipa wocokera m'madambo. Dzina lakuti maleriya linacokera ku mau a Citaliyana otanthauza mpweya woipa. Matendawa akali kupha anthu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linati mu 2023 anthu okwana 263 miliyoni anadwala malungo ndipo pafupifupi 597,000 anamwalira. Pa anthu 100 alionse amene anamwalira, 95 anali a muno mu Africa, ndipo ambiri a iwo anali ana osakwana zaka zisanu.

A Ross anabadwa pa 13 May 1857 ku Almora, m'mapiri a kumpoto kwa India. Anali oyamba kubadwa m'banja la ana khumi. Atate ao anali mkulu wa asilikali a Britain m'dzikomo. Atakwanitsa zaka zisanu ndi zitatu anatumizidwa ku England kukaphunzira. Mtima wao unali pa ndakatulo, nyimbo, zojambula ndi masamu, koma atate ao anafuna kuti akhale dotolo, ndipo mu 1874 analowa sukulu ya udotolo pa cipatala ca St Bartholomew's ku London. Sanali wophunzira wakhama. Mayeso ena analephera ulendo woyamba, nakagwirako nchito ya udotolo m'sitima ya pamadzi, kufikira mu 1881 pamene analembedwa nchito m'gulu la madotolo a boma ku India.

Zaka zao zoyamba kumeneko zinapita osacita cinthu codziwika. Anali kusamutsidwa kawirikawiri, ndipo nthawi yopuma anali kulemba ndakatulo ndi mabuku a nthano. Komabe mu 1883 ali ku Bangalore anaona cinthu cimene sanaciiwale. Udzudzu unali kuwasowetsa tulo, ndipo atafufuza anapeza kuti unali kuswana mu mgolo wa madzi umene unali pafupi ndi zenera la cipinda cao. Anataya madziwo, ndipo udzudzu unacepa. Akuluakulu ao sanaone kanthu m'zimenezo.

Pa nthawiyo kacirombo koyambitsa malungo kanali katapezeka kale. Dotolo wa asilikali a France, a Alphonse Laveran, anakaona m'magazi a wodwala ku Algeria mu 1880. Cimene cinali cisanadziwike ndi njira imene kacirombo kameneka kamadzera pocoka mwa munthu wina kukalowa mwa mnzace. A Ross anali kukaika ngakhale zakuti kacirombo kameneka kalikodi, cifukwa nthawi zonse akayang'ana magazi pa maikulosikopu sanali kukaona, ndipo anafika polemba kuti malungo amayambira m'matumbo.

Maganizo ao anasintha mu 1894 ali pa chuthi ku London, pamene anakumana ndi a Patrick Manson. A Manson anagwirapo nchito ku China, kumene anapeza kuti tinyongolotsi toyambitsa matenda otupitsa miyendo timakulira mwa udzudzu. Iwo ndiwo anaonetsa a Ross tizirombo ta malungo m'magazi a wodwala, nawauza kuti anali kuganizira udzudzu pa matendanso amenewa. A Ross anabwerera ku India mu 1895 ali ndi colinga cimodzi. M'zaka zinai zotsatira anthu awiriwa analemberana makalata oposa 150, wamkulu kulangiza ndi kulimbikitsa, wamng'ono kufotokoza zimene waona ndi kudandaula za akuluakulu a boma.

Nchito inali yowawa, ndipo kwa zaka ziwiri inali kuyenda njira yolakwika. A Manson anali kuganiza kuti udzudzu ukayamwa magazi a wodwala umakafera m'madzi, ndipo munthu amadwala akamwa madziwo. A Ross anayesa kumwetsa anthu madzi otere koma panalibe cooneka. Vuto lina linali lakuti iwo sanaphunzire za tizirombo touluka, ndipo mitundu ya udzudzu anali kungoisiyanitsa ndi maonekedwe. Anatumbula udzudzu wosawerengeka wa mitundu imene sinyamula malungo a anthu. Pakati pa zimenezi boma linawatumiza ku Bangalore kukalimbana ndi mliri wa kolera kwa miyezi yoposa khumi ndi iwiri, ndipo mu 1897 iwonso anagwidwa malungo.

Atacira anabwerera ku Secunderabad nyengo yotentha kwambiri. Sanalole kuti cokupizira mphepo ca m'cipinda cigwiritsidwe nchito poopa kuti cingauluze tizidutswa ta udzudzu timene anali kuyang'ana. Thukuta linacititsa dzimbiri pa maikulosikopu ao, ndipo galasi loyang'anira linali long'ambika.

Pakati pa mwezi wa August wowathandiza wina anabweretsa mtundu wa udzudzu umene anali asanauyesepo, wa mapiko a mawangamawanga. Umenewu ndiwo masiku ano umachedwa Anopheles. Pa 16 August anaulola kuluma munthu wodwala malungo dzina lace Husein Khan, amene anali kulipidwa kandalama kamodzi pa udzudzu uliwonse womuluma. Masiku otsatira anatumbula udzudzuwo umodziumodzi osapeza kanthu, mpaka unatsala uwiri wokha. Masana a pa 20 August, maso atatopa, anatumbula umodzi wa iwo, ndipo pa khoma la mimba yace anaona timaselo tozungulira tokhala ndi timadontho takuda, tofanana ndi tija timaoneka mwa tizirombo ta malungo m'magazi a munthu. M'mawa mwace anatumbula wotsirizawo napeza timaselo tomweto titakula. Cinthu cimene cikukula ndi camoyo: kacirombo ka malungo kanali kukhala ndi kukula mwa udzudzu. Usiku umenewo analemba ndakatulo yothokoza Mulungu, ndipo zimene anapezazo zinasindikizidwa m'magazini ya British Medical Journal mu December 1897.

Patangopita milungu yowerengeka cipezereni tizirombo m'mimba mwa udzudzu, boma linawasamutsira ku Kherwara, malo akutali kumene malungo anali osowa. Pafupifupi akanasiya nchito. A Manson anadandaulira akuluakulu ku London, ndipo mu February 1898 a Ross anatumizidwa ku Calcutta kukapitiriza kafukufuku. Kumeneko anapeza anthu ali ndi mantha cifukwa ca mliri wa makoswe ndi mphekesera za katemera, kotero kuti sanali kulola kubayidwa cala kuti atengedwe magazi. Motero anatembenukira ku mbalame, pakuti mpheta ndi mbalame zina zili ndi malungo aoao, ofalitsidwa ndi udzudzu wa mtundu wa Culex. Mothandizidwa ndi amwenye monga a Mahomed Bux ndi a Kishori Mohan Bandyopadhyay, amene maina ao samveka kawirikawiri, analondola kacirombo tsiku ndi tsiku. Anaona timatumba ta pa khoma la mimba tikuphulika ndi kutulutsa tizirombo tangati ulusi, ndipo mu July 1898 anatipeza titasonkhana m'timatumba ta malovu a udzudzu. Atalola udzudzu wotere kuluma mbalame zabwinobwino, mbalamezo zinadwala.

Apa zinadziwika kuti malungo samwedwa m'madzi ndipo sapumidwa mu mpweya. Udzudzu waukazi umayamwa tizirombo pamodzi ndi magazi a wodwala, tizirombo timaswana mwa iwo kwa masiku khumi kapena kuposerapo, ndipo umatilavulira mwa munthu wina pomuluma. Zakuti tikalowa m'thupi timayamba tabisala m'ciwindi tisanalowe m'maselo ofiira a magazi zinadziwika pambuyo pace, mu 1948.

Cakumapeto kwa 1898 akatswiri atatu a ku Italy, a Giovanni Battista Grassi, a Amico Bignami ndi a Giuseppe Bastianelli, anatsimikizira kuti malungo a anthu amayenda njira yomweyo ndiponso kuti wonyamula ndi Anopheles. Apa panabuka mkangano woipa. A Ross ananena kuti anzaowo anawabera nchito, ndipo a Grassi anayankha kuti a Ross anatsirizira kafukufuku wao pa mbalame osati pa anthu. Mphoto ya Nobel ya 1902 inapatsidwa kwa a Ross okha, ndipo anakhala munthu woyamba wa ku Britain kuilandira. Olemba mbiri ambiri amaona kuti a Grassi anayenera kugawana nao ulemuwo. A Ross anali munthu wosunga cakukhosi, ndipo anakangananso ngakhale ndi a Manson amene anawatsegulira njira.

Mu 1899 anasiya nchito ya ku India nakhala mphunzitsi pa sukulu yatsopano ya matenda a m'maiko otentha ku Liverpool. Caka comweco anafika ku Freetown m'dziko la Sierra Leone, kumene anapeza Anopheles wa mu Africa ali ndi tizirombo ta malungo. Mu 1901 anakhazikitsa magulu a anchito okwirira zithaphwi, okumba ngalande ndi otola zitini ndi mabotolo osunga madzi. Ndalama zitatha nchitoyo inazirala ndipo udzudzu unabwerera. Boma la atsamunda linasankha njira ina: linamangira azungu malo aoao pa phiri, ochedwa Hill Station, kutali ndi eni dziko, amene anatsala ndi malungo ao. Ku Ismailia m'dziko la Egypt, kumene kampani ya ngalande ya Suez inawaitana mu 1902 ndi kutsatira malangizo ao mosalekeza, malungo anatsika kwambiri m'zaka zocepa. Anakalangizanso ku Greece, Mauritius ndi Cyprus.

Masamu amene anali kuwakonda ali mwana anadzagwira nchito pamenepa. Otsutsa anali kunena kuti kulimbana ndi udzudzu n'kutaya ndalama popeza palibe angaphe udzudzu wonse. A Ross anaonetsa mwa masamu kuti sikofunika kuupha wonse. Udzudzu ukacepa kufika pa mlingo wina, wodwala mmodzi sakhozanso kupatsira anthu okwanira, ndipo matenda amazima okha. Mfundoyi ili m'buku lao la The Prevention of Malaria la mu 1910, ndipo a George Macdonald anaikulitsa m'zaka za m'ma 1950. Pa mfundo imeneyi ndi pamene pakhazikika kugona m'maneti onyikidwa m'mankhwala ndi kupopera mankhwala m'makoma a nyumba. Anopheles amaluma makamaka usiku, ndipo aliyense wogona m'neti amacepetsa mwai wakuti udzudzu utenge tizirombo kwa iye kukapatsira a m'nyumba yoyandikana.

Anapatsidwa ulemu wa Sir mu 1911, koma zaka zao zotsiriza sizinali zokondweretsa. Mwana wao wamwamuna anaphedwa ku nkhondo mu 1914. Anali kudandaula kosalekeza kuti boma silinawalipire molingana ndi nchito yao, ndiponso kuti maboma anali kuwayamika ndi pakamwa koma osatulutsa ndalama zothetsera malungo. Mu 1926 anthu owafunira zabwino anatsegula bungwe la Ross Institute ku Putney mu London, ndipo iwo anakhala mtsogoleri wace. Caka cotsatira anadwala sitiroko imene inawapuwalitsa mbali imodzi.

Kudzera m'bungwe limeneli nzeru za a Ross zinafika m'dziko muno, limene pa nthawiyo linali kuchedwa Northern Rhodesia. Pamene mgodi wa kopa wa Roan Antelope unali kutsegulidwa ku Luanshya cakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, anchito anali kufa ndi malungo ndi matenda ena, ndipo ambiri anali kuthawa. Panali mbiri yakuti mu mtsinje wa Luanshya muli cinjoka cimene cinali kupha anthu. Eni mgodi anapempha thandizo ku Ross Institute, ndipo mu 1930 kunabwera a Malcolm Watson, amene anali atagonjetsapo malungo m'madoko a ku Malaya potsatira ciphunzitso ca a Ross. Analamula kuti madambo aumitsidwe ndi ngalande, mtsinje ulambulidwe ndi kuwongoledwa kuti madzi aziyenda, mafuta athiridwe pa madzi oima, ndipo mazenera a nyumba atsekedwe ndi sefa, ngakhale kuti sefayo inayambira ku nyumba za azungu. Odwala anali kupatsidwa kwinini. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2001 anaonetsa kuti m'zaka zitatu kufikira zisanu kudwala ndi kufa ndi malungo pa mgodiwo kunatsika ndi 70 mpaka 95 peresenti. Njira zomwezo zinatsatidwanso ku Mufulira, Nkana ndi Nchanga.

A Ross sanafike ku Luanshya. Pa nthawiyo anali kuyenda pa njinga ya olumala, ndipo mapepala ao a kafukufuku anali atawagulitsa kale mu 1928 cifukwa cosowa ndalama. Akazi ao, a Rosa, amene anakwatirana nao mu 1889, anamwalira mu 1931. Iwo anatsatira pa 16 September 1932 ali ndi zaka 75, ndipo anaikidwa pafupi ndi akazi aowo m'manda a Putney Vale. Mu 1934 bungwe la Ross Institute linaphatikizidwa ku sukulu ya London School of Hygiene and Tropical Medicine.