Mbiri ya Dokotala Robert Laws, Mphunzitsi wa Anchito a m'Zipatala

Munthu akadwala kumudzi, kapena m'komboni monga ya Nkwazi mu Ndola, kawirikawiri woyamba kumuona pa kiliniki sakhala dokotala wa digiri ai. Amakhala clinical officer kapena nesi, mwana wa m'dziko lomwe lino, amene anaphunzira kupima matenda, kupereka mankhwala, ndi kuzindikira wodwala woyenera kumtumiza ku cipatala cacikuru. Nchito yophunzitsa anthu otere m'maiko a kuno inayambira m'zipatala za mishoni, ndipo mmodzi wa amene anaikhazikitsa ndiye Dokotala Robert Laws wa ku Livingstonia, amene anakhala kufupi ndi Nyanja ya Malawi zaka 52.

A Laws anabadwa pa 28 May, 1851, ku Aberdeen m'dziko la Scotland. Anali mwana mmodzi yekha m'banja la mmisiri wa matabwa, ndipo banjalo silinali la cuma. Ali mnyamata analowa nchito ya atate ao, usana kupala matabwa, madzulo kupita ku sukulu ya usiku. Nkhani za maulendo a David Livingstone ndizo zinawapatsa mtima wofuna kudza ku Africa. Analowa m'yunivesiti ya Aberdeen, kumene anatsiriza digiri yoyamba mu 1872 ndi ya udokotala mu 1875, ndipo m'zaka zomwezo analikuphunziranso za ubusa. Asanacoke kwao anatumikira m'zipatala za nthomba ndi matenda ena opatsirana mu mzinda wa Glasgow.

Ulendo wa ku Nyanja

Livingstone atamwalira kwa Chitambo mu 1873, mpingo wa Free Church of Scotland unapangana zotumiza mishoni yomkumbukira. Gululo linanyamuka mu 1875 motsogozedwa ndi E. D. Young, ndipo a Laws, pokhala a zaka 24, ndiwo anali dokotala ndi mbusa wa gulu lonse. Anadza ndi kasitima ka pamadzi kochedwa Ilala, dzina la dera limene Livingstone anaferako. Pofika pa mathithi a mtsinje wa Shire anakamasula m'zidutswa, amuna mazanamazana nasenza zidutswazo pamutu kufikira kumtunda kwa mathithi, kumene anakalumikizanso. Ilala inalowa m'nyanja pa 12 October, 1875, ndipo mishoni inamanga misasa yake pa Cape Maclear.

M'mwezi wa March, 1876, kunadza mnyamata wokhala ndi cotupa pamwamba pa diso. A Laws anamnunkhiza mankhwala ogonetsa ochedwa chloroform, nacotsa cotupaco iye ali m'tulo. Aka kanali koyamba kuti opareshoni yotere icitike m'cigawo ca nyanjayi. Anthu amene anaona munthu atagona ngati wakufa, mpeni ulikumceka osabuula, kenaka n'kudzuka, anafalitsa mbiriyo m'midzi, ndipo odwala anayamba kudza kucokera kutali.

Anadza ndi zilonda zazikuru za m'miyendo, kamwazi, khate, nthomba, matenda a maso, ndi mabala a mikondo ndi a ng'ona. Dokotala anali mmodzi, ndipo yemweyo ndiye analinso mphunzitsi, mmisiri, mbusa ndi woyang'anira mishoni. A Laws anaona msanga kuti mutu umodzi susenza denga. Anayamba kuitana anyamata a m'sukulu kuti aziwathandiza kutsuka ndi kumanga zilonda. Anaphunziranso Cinyanja mwakhama, kotero kuti Cipangano Catsopano cimene anamasulira cinasindikizidwa mu 1886, ndipo buku lao la mau a Cingerezi ndi Cinyanja linaturuka mu 1894. Dokotala wosamva cinenero ca wodwala amangopima thupi, koma mbiri ya nthendayo imampita.

Nzeru za mu 1875 zinacepa

Nthenda imene inasautsa mishoni koposa inali malungo. Dokotala William Black, amene anadza kudzathandiza mu 1876, anamwalira caka cotsatira, ndipo caka comweco anamwaliranso Shadrach Mngunana, mphunzitsi wocokera ku Lovedale ku South Africa. A Laws anakwatira Margaret Gray ku Blantyre mu 1879, koma mwa ana ao asanu ndi atatu anakula ndi mmodzi yekha, Amelia. Mishoni inasamukira ku Bandawe mu 1881, koma malungo anaitsata komweko.

Cobvuta cinali cakuti madokotala a masiku amenewo anaphunzitsidwa kuti malungo amadza ndi mpweya woipa wa m'madambo. Kwinini analikumdziwa, koma gwero la nthendayo sanalidziwe. Mu 1880 Alphonse Laveran anapeza kacirombo ka malungo m'magazi a munthu. Mu 1882 Robert Koch anapeza ka cifuwa cacikuru. Mu 1897 Ronald Ross anatsimikiza kuti kacirombo ka malungo kamakhala mwa udzudzu. Pakati pa 1910 ndi 1912 akatswiri anazindikira mtundu wina wa nthenda ya kaodzera umene unali m'cigwa ca Luangwa, naonetsa kuti umafala ndi kashembe wa m'thengo. Zonsezi zinadziwika a Laws atalandira kale digiri yao. Dokotala amene akadakhalira pa zimene anamva m'kalasi mu 1875 akadapitiriza kuopa mpweya wa m'dambo, udzudzu ulikuluma odwala ake.

A Laws sanakhalire pamenepo. Analikuitanitsa mabuku ndi manyuzipepala a zacipatala kucokera ku Ulaya, ndipo nthawi zopita kwao kukapumula anali kuzisandutsa nthawi za sukulu. Pa ulendo wina, ali pafupi kukwanitsa zaka 50, anakhala pansi pamodzi ndi acinyamata pa Heriot-Watt College ku Edinburgh kuphunzira za magetsi. Cipatso cake cinaoneka mu 1905, pamene magetsi opangidwa ndi madzi a mtsinje wa Manchewe anayaka pa Livingstonia. Anakokanso madzi a m'mipope kucokera ku mapiri, podziwa kuti madzi abwino amatseka njira ya matenda a m'mimba wodwala asanafike n'komwe pa khomo la dokotala.

Sukulu ya pa Khondowe

Mu 1894 a Laws anasankha phiri la Khondowe, pamwamba pa nyanja cakumpoto, kuti pakhale likuru la mishoni ndi sukulu yaikuru. Sukuluyo inachedwa Overtoun Institution, potengera dzina la Lord Overtoun amene anapereka ndalama zambiri. Inalandira Atonga, Atumbuka, Angoni, Ankhonde, Acewa ndi ana a mitundu ya kuno kwathu. Kunali maphunziro a uphunzitsi, ubusa, ukalaliki, ulimi, kusindikiza mabuku, kupala matabwa ndi kumanga nyumba, ndipo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900 kunakhazikitsidwa maphunziro a zacipatala.

Apa ndipo panali kusiyana pakati pa mnyamata womanga zilonda ndi munthu wophunzitsidwa. Womanga zilonda amacita zimene wauzidwa, ndipo dokotala akacokapo nchito imaima. Wophunzira wa pa Khondowe anayenera kuyamba wadziwa Cingerezi bwino, popeza mabuku onse anali m'cinenero cimeneco. Kenaka anali kuphunzira mapangidwe a thupi, magwiridwe a nchito a ziwalo zake, zizindikiro za matenda, muyeso wa mankhwala ndi kasakanizidwe kake, katemera wa nthomba, ndi kuthandiza pa opareshoni. Colinga cinali cakuti munthuyo adziwe cifukwa ca cimene alikucita, kuti akakhala yekha pa kacipatala ka kumudzi, ulendo wa masiku ambiri kucokera kwa dokotala, athe kuganiza payekha.

Mu 1911 cipatala ca David Gordon Memorial cinatsegulidwa pa Livingstonia. Kuyambira pamenepo ophunzira anali ndi odwala ogonekedwa amene anatha kuwaona tsiku ndi tsiku, kuyambira polowa kufikira pocira kapena pomwalira, madokotala a mishoni alikuwalangiza pambali pa bedi. Akazi nawo anayamba kuphunzira unesi. Mishoni inalinso ndi mwambo wakuti aphunzitsi a m'midzi azibwerera ku sukulu nthawi ndi nthawi kudzaonjezera nzeru, pakuti a Laws sanakhulupirire kuti munthu amatsiriza kuphunzira tsiku lolandira setifiketi.

Nchitoyi inaoloka malire kulowa m'dziko limene lero ndi Zambia. Mishoni ya Livingstonia inatsegula Mwenzo mu 1894, kumene Dokotala James Chisholm anatumikira kucokera mu 1900 kufikira imfa yake mu 1936. Inatsegula Chitambo mu 1907 ndi Chasefu, ca ku Lundazi, mu 1922. David Kaunda, amene anayamba nchito ya uphunzitsi ndi ulaliki ku Chinsali, anali wophunzira wa pa Khondowe. Migodi ya mkuwa itayamba kukula ku Nkana, Luanshya ndi Mufulira cakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, anthu ophunzira m'masukulu a mishoni a ku Nyasaland anali kufunidwa m'maofesi ndi m'zipatala za kumeneko.

Pamene nchito inalekezera

Komabe mbiri ya a Laws iri ndi mbali imene siinakwanire. Otsiriza maphunziro a zacipatala pa Khondowe anali ocepa. Ngakhale wanzeru koposa onse anali kuthera pa udindo wa wothandiza dokotala, malipiro ake ali ocepa, ndipo ena anasiya mishoni kukafuna nchito kwina. Munthu wakuda wofuna udokotala weniweni anayenera kuoloka nyanja yamcere. Daniel Malekebu anaulandira ku Meharry Medical College ku America mu 1917, ndipo Hastings Kamuzu Banda anaulandira pa koleji yomweyo mu 1937. A Laws eni ake anali munthu wa mwambo wouma, wosafulumira kupereka udindo. Abusa oyamba acikuda a mishoniyi anadzozedwa mu 1914, patapita zaka pafupifupi 40 cifikire Ilala.

M'zaka zao zotsiriza a Laws anafuna kuti Overtoun ikule kukhala koleji yeniyeni, mbeu ya yunivesiti. Koma nthumwi za Phelps-Stokes, zimene zinayendera masukulu a m'cigawo cino mu 1924, zinakonda maphunziro a m'midzi a ulimi ndi nchito za manja, ndipo amishoni anzao ambiri anaona kuti koleji idya ndalama zoyenera masukulu ang'onoang'ono. Ganizolo linagonekedwa pambali. Mai Laws anali atamwalira mu 1921. A Laws, amene anakhala mtsogoleri woyamba wa sinodi ya CCAP mu 1924, anatsika phiri la Khondowe komaliza mu 1927. Anamwalira ku London pa 6 August, 1934, naikidwa m'manda a pa chalichi ca St Machar kwao ku Aberdeen.

Cimene anacifuna cinacedwa, ndipo kucedwako kunali ndi mtengo wake. Zambia polandira ufulu mu 1964, madokotala acikuda a m'dziko muno anali owerengeka ndi zala. Sukulu ya udokotala ya University of Zambia inakhazikitsidwa mu 1966, mtsogoleri wa dziko ali Kenneth Kaunda, mwana wa David Kaunda uja wa pa Khondowe, ndipo madokotala ake oyamba anatsiriza mu 1973. Ku Malawi, College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo University of Livingstonia inayamba mu 2003 pa phiri lomwe lija. Ku migodi, Copperbelt University inatsegula sukulu yake ya udokotala mu Ndola mu 2011, ophunzira ake naphunzira pambali pa bedi m'zipatala zazikuru za Ndola ndi Kitwe ndi m'cipatala ca ana ca Arthur Davison.

Kuphunzira kosalekeza, kumene a Laws anakucita mwa kufuna kwao, tsopano ndi lamulo. Bungwe la Health Professions Council of Zambia limafuna kuti dokotala kapena clinical officer aonetse umboni wakuti wapitiriza kuonjezera maphunziro ake lisanampatsenso cilolezo cogwira nchito. Cifukwa cake ndi comwe cija ca malungo. Chloroquine, amene anali mankhwala odalirika kwa zaka zambiri, anafooka mphamvu, ndipo Zambia inasinthira ku Coartem kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000. Wanchito wa pa kiliniki amene sanamve za kusinthako akadapereka mankhwala osaciritsa kwa mwana wotentha thupi. Cipatala ca David Gordon cikali kulandira odwala pa Khondowe kufikira lero, ndipo amene amawapima ndi ana a m'dziko lomwelo.