Samuel Ntara, Mlembi wa Mbiri ya Makolo

Abale a ku migodi ndi ku mapulazi, tikumbukire lero Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, amene anabadwa m'caka ca 1905 namwalira mu 1976. Buku lace, Nthondo, linasindikizidwa mu 1933 litapambana mpikisano. Koma timlemekeza koposa cifukwa anafunsa nkhalamba zisanatsikire kuli cete. Pakutero analemba Mbiri ya Acewa, ndiponso moyo wa Msyamboza, mfumu ya ku Cibanzi, umene T. Cullen Young anaumasulira m'Cingerezi, nutuluka mu 1949. Pakadapanda iye, nchito za mfumuyo zikadalowa m'manda pamodzi ndi amene anaziona. Nanga ife okhala kutali ndi kwathu, mbiri ya agogo athu adzatilembera ndani tikapanda kuifunsa?