'Abdu'l-Bahá ndi Chilungamo cha Mulungu

'Abdu'l-Bahá, mwana wa Bahá'u'lláh, anabadwira ku Tehran mu 1844. Anakhala mkaidi ku 'Akká kuyambira 1868 mpaka 1908, koma sanaimbe Mulungu mlandu wa nkhanza. Kuyambira 1904, Laura Barney ankawafunsa za Baibulo pa nthawi ya chakudya. Iwo anafotokoza kuti nkhani ya Adamu ndi Hava ndi yophiphiritsa, pakuti Mulungu wolungama sangalange zidzukulu pa tchimo la kholo. Anaphunzitsanso kuti zilango zowawa za m'chilamulo cha Mose zinkayenera nyengo imeneyo, ndipo nyengo itasintha, Khristu anazisintha. Anamwalira ku Haifa mu 1921.

Abwenzi a pa Makwasa, ndime ikatilimba, tisathamangire kuweruza Mlengi. Tiyambe tafufuza nyengo yake ndi tanthauzo lake.