Werner von Siemens, mkulu wa ana amasiye amene anakulitsa dayinamo

Amene munapalasapo njinga ya dayinamo usiku m'misewu ya ku Chiosya mukudziwa khalidwe lake: mukapalasa mwamphamvu nyali imawala, mukafooka nayo imafooka. Mkati mwake muli kamaginito kozungulira pafupi ndi waya wokulungidwa, ndipo kuzungulirako ndiko kumabala magetsi. Makina oyambirira opangira magetsi anali otero, mphamvu yake yochepa. Mmodzi mwa anthu amene anasintha zimenezi ndi Werner von Siemens wa ku Germany.

Iye anabadwa pa 13 Disembala 1816 m'mudzi wa Lenthe, m'banja la ana 14. Bambo ake ankalima munda wobwereka, ndipo ndalama za ku yunivesite panalibe. Werner analowa usilikali chifukwa kumeneko ankaphunzitsa masamu ndi sayansi.

Mayi ake anamwalira mu 1839, bambo ake n'kutsatira mu 1840. Ali ndi zaka 23, udindo wa azing'ono ake unagwera iye, pomwe malipiro a usilikali sankakwana. Alangizi a zaumoyo amene mumayendera makomo a ana amasiye simufunika kuuzidwa kulemera kwa katundu wotere. Kusowa kumeneku ndiko kunamukankha kuti azipanga zinthu zoti n'kugulitsa. Ngakhale pamene anatsekeredwa kwa kanthawi chifukwa chothandizira ndewu ya asilikali anzake, m'chipinda cha ndendemo ankayeserera kukuta zitsulo ndi golide pogwiritsa ntchito magetsi.

Mu 1847, iye ndi mmisiri wina, Johann Georg Halske, anatsegula kamalo kogwirira ntchito kuseri kwa nyumba ina mumzinda wa Berlin. Ndalama zoyambira anapereka ndi wachibale. Ankapanga makina otumizira uthenga pa waya. Azing'ono aja atakula ndiwo anakuza kampaniyo: Wilhelm anatsogolera nthambi ya ku London, Carl ya ku Russia. Pofika 1870 anali atayala waya kuchokera ku London mpaka ku Calcutta, m'dziko la India.

Chachikulu chinachitika mu 1866. M'malo modalira maginito wamba, Siemens anakonza dayinamo imene imatenga gawo la magetsi ake omwe n'kulimbitsira maginito ake. Maginito akalimba magetsi amachuluka, magetsi akachuluka maginito amalimbanso. Kunena zoona sanali yekha, pakuti akatswiri ena ku England anatulukira zomwezi nthawi yomweyo. Iye anawaposa poona msanga kuti apa pali malonda, n'kuyamba kupanga makinawo ambirimbiri. Majenereta akuluakulu a masiku ano ndi zidzukulu za makina amenewo, kuphatikizapo a pa Nkula mu mtsinje wa Shire, amene anayamba ntchito mu 1966, patatha zaka 100 ndendende.

Za amasiye sanaiwale. Mu 1872 anakhazikitsa thumba la penshoni ya antchito ake, lothandizanso akazi ndi ana a wantchito amene wamwalira.

Anamwalira pa 6 Disembala 1892, kampani ili ndi antchito oposa 6,000. Makina ojambulira m'chifuwa, amene wodwala chifuwa chosatha amatumizidwira kuchipatala chachikulu, iye sanawaone. Wilhelm Röntgen anatulukira kuwala kwa X-ray mu 1895, ndipo chaka chotsatira kampani ya Siemens inali itayamba kale kupanga zipangizo zake.